Bwana akamalowetsa abale ndi anzake m'mapulojekiti: mafunso ndi mayankho kwa ogwira ntchito mu Lusaka

Mafunso awa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri, ena ochokera m'maofesi a boma ku Ridgeway, ena m'makampani a mu Cairo Road ndi ku Industrial Area, enanso m'mabungwe omwe si aboma. Tayamba ndi ofewa, ovuta ali kutsogolo. Ngati nkhani yanu yafika kale poti mwalandira kalata yokuchotsani ntchito, pitani msanga pa funso la kuchotsedwa ntchito, chifukwa kumeneko masiku amawerengedwa.

Kodi bwana aliyense amene walowetsa m'bale wake pantchito ndiye kuti wakondera?

Ayi. Mu Lusaka anthu timadziwana. Munaphunzira limodzi ku UNZA kapena ku Evelyn Hone, mumapemphera mpingo umodzi, mumakumana pamaliro ku Leopards Hill. Zikanakhala kuti aliyense wodziwana ndi bwana sayenera kugwira ntchito, maofesi ambiri akanatsekedwa.

Kukondera kumayamba pamene njira yadumphidwa ndipo chibalecho chabisidwa. Malo sanalengezedwe, ena sanapatsidwe mwayi wopikisana, bwana yemweyo anakhala pa gulu lofunsa mafunso mphwake ali m'gulu la ofunsidwa, kapena munthu akulandira alawansi ya ntchito imene sanagwire. M'bale amene wafunsira ntchito poyera, bwana n'kunena yekha kuti "uyu ndi mwana wa mlongo wanga, ine ndituluka, musankhe nokha", walowa mwachilungamo ngakhale ena adandaule. Mayankho onse a patsamba lino atsamira pa kusiyana kumeneku.

Ndingadziwe bwanji kuti n'kukonderadi, osati nsanje yanga?

Dzifunseni kuti mukanati chiyani munthu yemweyo akanakhala mlendo. Ngati ntchito yake ndi yabwino ndipo chimene chikukupwetekani n'chakuti amaseka ndi abwana nthawi ya nkhomaliro, palibe mlandu. Koma ngati mungathe kutchula zinthu zooneka, nkhaniyo ndi yeniyeni: maulendo onse okhala ndi alawansi, ku Siavonga kapena ku Livingstone, amapita anthu omwewo, lipoti mwalemba inu koma pamsonkhano likuwerengedwa m'dzina la wina, wina akachedwa amalembedwa kalata, mnzake akajomba sabata yathunthu palibe wofunsa.

Chochitika kamodzi sichikwanira. Yang'anani zimene zikubwerezedwa.

Kodi malamulo a Zambia amaletsa zimenezi?

Zimatengera kumene mumagwira ntchito, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezeka.

M'boma, m'makhonsolo ndi m'makampani a boma, lamulo ndi lolimba. Anti-Corruption Act ya 2012 imati wogwira ntchito m'boma amene ali ndi phindu lake pa nkhani imene bungwe lake likufuna kuchita, ayenera kuulula zimenezo polemba. Ngati iye, m'bale wake kapena mnzake wapamtima angapindule ndi chigamulo, saloledwa kuvota kapena kutenga nawo mbali pokambirana chigamulocho. Lamulo lomwelo limatcha kugwiritsa ntchito udindo molakwika kuti ndi mlandu. Zogula za boma zimayendetsedwa ndi Public Procurement Act ya 2020, ndipo bungwe loyang'anira ndi ZPPA. Malamulo akulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, amanena kuti kulembedwa ntchito ndi kukwezedwa m'boma kuzitengera luso la munthu. Nkhaniyi yakula kwambiri m'makhonsolo kuyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko cha madera, zotchedwa CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Ndalama zikachuluka chotero, makontrakiti omanga makalasi, kukumba zitsime ndi kukhoma madesiki amachulukanso, ndipo abale ofuna kudyapo sachedwa kufika.

M'kampani ya munthu, palibe lamulo loletsa mwini wake kulemba mwana wake. Chimene chilipo ndi Employment Code Act ya 2019, imene imaletsa tsankho polemba ntchito, pophunzitsa, pokweza ndi pochotsa munthu. Zifukwa zimene yatchula ndi monga mtundu, kumene munthu anachokera, chinenero, chipembedzo, maganizo a ndale, kukhala mwamuna kapena mkazi, pakati, ulumali ndi zina. Choncho ngati munadumphidwa chifukwa si inu a kwawo kwa bwana, muli ndi poima. Ngati munadumphidwa chifukwa bwana amakonda mnzake wa ku mpira, lamulo la tsankho silikugwirani dzanja mosavuta, ndipo muyenera kudalira malamulo a kampani yanuyo. Lamulo la 2019 lomweli limafuna kuti olemba ntchito akhale ndi ndondomeko yodandaulira komanso malamulo a khalidwe pantchito. Pemphani kope lanu. Anthu ambiri amagwira ntchito zaka osaliona.

Mabungwe odalira ndalama za opereka thandizo nthawi zambiri amasainira mgwirizano woletsa kupereka ntchito kwa abale mobisa, ndipo opereka ndalamawo amakhala ndi njira yawoyawo yolandirira madandaulo.

Ndikuyang'anira pulojekiti, ndipo abwana andiikira mlamu wawo amene sagwira ntchito. Nditani?

Musayambe ndi kumukana, ndipo musayambe ndi kumugwirira ntchito yake. Njira ziwiri zonsezi zimathera pa inu. Mukamukana poyera, nkhani isanduka ya inu ndi abwana. Mukamamugwirira usiku kuti pulojekiti isachite manyazi, mwadzisandutsa kapolo wake, ndipo chaka chikatha iye ndi amene adzayamikiridwe.

Mpatseni ntchito yakeyake, yolembedwa, yokhala ndi tsiku lomalizira, monga mmene mumachitira ndi wina aliyense. Igaweni pamsonkhano wa gulu lonse, kenako tumizani imelo yonena kuti uje achita chakuti pofika Lachinayi, uje chakuti pofika Lolemba. Lipoti lopita kwa abwana lizisonyeza zimene zatha ndi zimene zatsala, ndi dzina la munthu pambali pake, popanda mawu onyoza. Ngati mbali yake sinachitike, pepalalo linena lokha.

Mpatseninso mpata weniweni. Ena mwa abale otere ndi achinyamata amene angomaliza sukulu, sanapemphe kuti aikidwe pamenepo, ndipo akuona mmene anzawo akuwayang'anira. Akapatsidwa ntchito yomveka ndi munthu wowaphunzitsa, ena amagwira bwino kuposa mmene mumaganizira.

Ndauzidwa kuti ndisaine mapepala olipira kampani ya m'bale wa abwana. Ndisaine?

Funso ili ndi lalikulu kuposa onse, chifukwa apa mpamene anthu osalakwa amatayira ntchito, ena mpaka kukaonekera kukhoti.

Zimayenda chonchi. Pakufunika makotesheni atatu. Abwana akubweretserani onse atatu m'manja mwawo, ati "ingomalizitsani, n'zachangu". Mukayang'anitsitsa, awiri ali ndi kalembedwe kofanana, nambala ya foni imodzi, kapena onse akuchokera pa adiresi imodzi ku Kamwala. Mwinanso katundu sanafike yense, koma mukuuzidwa kuti musaine kuti walandiridwa. Nthawi zina kontrakiti yaikulu yadulidwa tizidutswa kuti kalikonse kakhale pansi pa malire ofunika tenda. Oona za ndalama akadzabwera, sadzafunsa amene analankhula m'khonde. Adzafunsa amene anasaina. Abwana adzati iwo anangovomereza zimene ofisala wawo anawabweretsera, ndipo papepala zidzaoneka choncho.

Ndiye lamulo lanu likhale ili: musasainire chimene simunaone ndi maso anu. Ngati pafika matumba a simenti 60 pomwe invoisi ikuti 100, lembani 60. Ngati mwalamulidwa pakamwa, bwererani pa desiki n'kulemba imelo yaulemu: "Abwana, monga mwandiuzira m'mawa uno, ndikonza malipiro a kampani yakuti. Ndaona kuti makotesheni awiri ali ndi nambala ya foni imodzi. Ndikupempha mundilangize ngati ndipitirize kapena tipemphe ena." Mabwana ambiri akaona kuti lamulo lawo likufunika kulembedwa, amabwerera m'mbuyo okha. Amene ayankha kuti "bwanji mukundilembera maimelo, simundikhulupirira?" wakuuzani zonse zimene mumafuna kudziwa.

Eni ake a kampani si chinsinsi. Ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, munthu aliyense angathe kulipira n'kufufuza maina a madairekitala ndi eni masheya a kampani yolembetsedwa. Kungopeza dzina la mkazi wa abwana pamenepo si umboni wa kuba. Funso ndi lija la poyamba: kodi anaulula, ndipo kodi anadzipatula posankha?

Ndipo musalandire "kenakake ka mafuta" pa malipiro otere. Mukalandira ngakhale K200, pakamwa panu patsekedwa mpaka kalekale, ndipo lamulo limakuonani ngati mmodzi wa iwo.

Ndingalankhule bwanji ndi abwana popanda kuoneka wamwano?

Pawiri, osati pamsonkhano. Munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pagulu amateteza ulemu wake, sateteza choonadi. Sankhani nthawi imene alibe phuma, ndipo lankhulani za ntchito, osati za banja lawo.

Mawu oti "mumakondera abale anu" amatseka chitseko. Yesani motere: "Abwana, ndabwera kudzapempha nzeru. Mbali ya a Phiri yatsalira masabata awiri, ndipo opereka ndalama akufuna lipoti pa 30. Mungandithandize bwanji kuti tisachite manyazi?" Kapena ngati nkhani ndi ya inu mwini: "Ndimafuna kudziwa chimene ndikusowa kuti nanenso ndiganiziridwe pa pulojekiti ikubwerayi." Funso limeneli ndi labwino chifukwa yankho lake mungalilembe, n'kudzabwera nalo mutakwaniritsa zimene anatchula.

Pali mabwana amene sadziwa n'komwe mmene zinthu zikuonekera kwa anthu awo, ndipo kukambirana kumodzi kumakonza zambiri. Pali ena amene akudziwa bwino lomwe. Mukalankhula kamodzi kapena kawiri osasintha kanthu, musapitirize kugogoda pamenepo.

A HR, oyang'anira za antchito, ndi anzawo a abwana. Ndipite kuti?

Ngakhale zili choncho, perekani dandaulo lanu polemba motsatira ndondomeko ya pantchito panu, ndipo sungani kope losonyeza tsiku limene analandira. Kulikonse kumene mudzapite pambuyo pake adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula mkati.

Kenako onani amene ali pamwamba kapena pambali pa bwanayo: oona za ndalama a mkati, komiti ya bodi, kapena Integrity Committee, komiti yoona za chilungamo pantchito, m'maofesi a boma amene ali nayo. Ngati muli mu yuniyoni, pitani ndi nthumwi yanu, ndipo ngati anzanu akuona zomwezo, dandaulo la anthu asanu ndi lovuta kulitcha nsanje. Kunja kwa ofesi, nkhani za ufulu wanu ngati wantchito zimapita kwa Labour Commissioner ku Unduna wa Zantchito. Za ziphuphu ndi makontrakiti okayikitsa zimapita ku ACC, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Kusayendetsa bwino zinthu m'maofesi a boma kumapita kwa Public Protector. Wogulitsa katundu amene akuona kuti tenda ya boma inaperekedwa mokondera angadandaule ku ZPPA.

Pali lamulo la 2010 loteteza anthu oulula zoipa, Public Interest Disclosure Act, ndipo limaletsa kubwezera munthu chifukwa choulula. Tinene zoona: lamulo limateteza papepala, koma silingaletse abwana kusiya kukupatsani moni kapena kukuchotsani pa mndandanda wa maulendo. Limalanganso munthu wonena zabodza mwadala. Ululani zimene mukuzidziwa, osati zimene munamva pa minibasi.

Ndisunge umboni wotani?

Kabuku kanu, kosungidwa kunyumba, kolemba tsiku, chimene chinachitika, amene analipo ndi mawu amene ananenedwa. Onjezani kontrakiti yanu, mapepala a malipiro, zotsatira za kuunika ntchito yanu chaka ndi chaka, ndi maimelo amene munalemba kapena kulandira inu mwini. Zotsatira za kuunikazo n'zofunika kwambiri, chifukwa munthu amene wakhala akuyamikiridwa zaka zitatu n'kuyamba kutchedwa waulesi mwezi umene wadandaula, nkhani yake imamveka yokha.

Musatsegule kompyuta ya munthu wina, musajambule mafailo a malipiro a anzanu, musatulutse zinsinsi za makasitomala. Mukatero mwawapatsa chifukwa chenicheni chokuchotserani, ndipo za kukondera zija palibenso adzazikumbuke.

Bwanji ndingoziika pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp?

Musatero. Mungasumiridwe mlandu woipitsa dzina, malamulo a pa intaneti aliponso, ndipo chitetezo cha oulula zoipa chimakhala champhamvu mukadzera njira zoyenera. Pa gulu la WhatsApp la pantchito, dziwani kuti uthenga wanu ufika kwa abwana lisanalowe dzuwa.

Akandichotsa ntchito chifukwa chodandaula, ndingatani?

Employment Code Act imati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo. Kupereka dandaulo lokhudza kuphwanya malamulo si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu. Wolemba ntchito ndi amene ayenera kusonyeza kuti anachotsa munthu mwachilungamo.

Milandu yotere imapita ku nthambi ya Industrial Relations ya High Court, ndipo nthawi yokasuma ndi masiku 90, kuwerengera pamene zachitika kapena pamene njira za mkati zatha. Anthu ambiri amataya masiku amenewa akudikira lonjezo la "tikuitanani tikambirane". Musadikire. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Board. Musasaine pepala loti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso musanamuonetse munthu wodziwa malamulo.

Kubwezera sikubwera ngati kalata nthawi zonse. Ena amasamutsidwa mwadzidzidzi, ena amalandidwa ntchito zonse n'kumangokhala pa desiki kuti atope achoke okha. Zimenezinso zilembeni m'kabuku kaja.

Kampani ndi ya banja. Kodi ndili ndi chonena?

Pa za amene adzakhale manijala, mwina ayi. Shopu ya zitsulo kapena kampani ya malole imene bambo anayambitsa ndi ndalama zake idzapita kwa ana ake, ndipo ndi bwino kulowa mukudziwa zimenezo. Koma malipiro anu, tchuthi, penshoni ya NAPSA ndi inshuwaransi ya zaumoyo ya NHIMA sizitengera kuti ndinu m'bale kapena ayi. Phunzirani zimene mungaphunzire pamenepo, ndipo musayembekezere mpando umene uli kale ndi mwini wake.

Nanga ngati nkhaniyo ndi ya mtundu?

Imapweteka kwambiri, ndipo imafuna kusamala kwambiri. Mawu oti "wako ni wako" tonse timawadziwa, ndipo sanenedwa ndi mtundu umodzi wokha. Ife a kum'mawa timadandaula ena akatidumpha, koma nafenso tikakhala pa mpando pamabwera a ku Chipata, a ku Katete ndi a ku Petauke akulankhula chinenero cha kwathu, mtima n'kufewa. Kuyambira nthawi ya a Kaunda dziko lino lakhala likuyesa kuti maudindo asaunjikane kumbali imodzi, ndipo mu ofesi yaing'ono ntchito imeneyo ili m'manja mwa aliyense amene amasankha anthu.

Monga tanenera pa funso la malamulo, tsankho la mtundu ndi loletsedwa ngakhale m'kampani ya munthu. Koma polidandaula, nenani za anthu ndi zochitika: malo akuti sanalengezedwe, uje anakwezedwa alibe pepala lofunika. Musanene kuti "anthu a mtundu wakuti ndi otere". Mukatero mudzataya anzanu a mtundu womwewo amene nawonso akuvutika ndi bwana yemweyo ndipo akanakuikirani umboni.

Ine ndine bwana, ndipo abale akundipanikiza. Ndiwakane bwanji?

Sitikupeputsa vuto lanu. Mwina amalume ndi amene anakulipirirani sukulu, anagulitsa ng'ombe kuti mufike pamene mulipo, ndipo lero mwana wawo ali m'nyumba mwanu ku Chelstone ndi digiri yopanda ntchito. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ngongole imeneyo ndi yeniyeni. Koma muibweze ndi zanu. Ntchito ya bungwe si yanu, ndalama za pulojekiti si zanu, ndipo wachinyamata wa ku Kanyama amene alibe amalume pa mpando nayenso ali ndi amayi amene akumuyembekezera.

Zimene mungachite zilipo zambiri. Muuzeni malo akalengezedwa, mukonzereni kalata yofunsira ntchito, muphunzitseni kuyankha mafunso, mulipirireni kosi, mupatseni mpamba wa bizinesi kuchokera m'thumba mwanu. Akafunsira pantchito panu, lembani kalata youlula chibalecho ndipo tulukani m'chipinda posankha. Akapambana, asakhale pansi panu mwachindunji, ndipo wina ndiye aziunika ntchito yake.

Kwa amalume nenani zoona, mwaulemu: "Amalume, ndikamulowetsa mobisa, tonse awiri tichotsedwa, ndipo pakhomo pano sipadzakhalanso wothandiza. Ndiloleni ndimuthandize m'njira imene singatigwetse." Adzakhumudwa, mwina kwa miyezi. N'chimodzimodzi ndi mnzanu wa kutchalitchi amene ali ndi kampani yosindikiza: apikisane ndi ena, inu musakhalepo posankha.

Ine ndine m'bale wa abwana, ndipo anzanga sandilankhula. Nditani?

Musabise chibalecho, amachidziwa kale. Pantchito atchuleni monga mmene ena amawatchulira, osati "amalume" kapena "alamu". Fikani msanga, tengani ntchito zimene ena amazemba, ndipo musanyamule nkhani za mu ofesi kupita nazo pa mphasa ya kunyumba. Anzanu akuopa chinthu chimodzi, kuti chilichonse chimene anganene pafupi nanu chikafika kwa abwana. Akaona miyezi ikupita popanda chotere, ambiri amamasuka.

Mukapatsidwa ulendo kapena alawansi imene mukudziwa kuti inali ya wina, kanani, ndipo muwauze abwana pambali chifukwa chake. Ngati n'kotheka pemphani kusamukira ku dipatimenti ina, kuti dzina lanu lidzamangidwe ndi munthu amene si wa kwanu.

Kodi ndingosiya ntchito?

Osati mwaukali, ndipo osati musanapeze kwina. Ntchito mu Lusaka ndi yosowa, lendi sidikira. Ngati vuto ndi loti simukukwezedwa, khalani, pitirizani kugwira bwino, ndipo funsirani kwina mwakachetechete. Ngati mukukakamizidwa kusaina zabodza mobwerezabwereza ndipo njira zonse zimene tatchula pa funso la HR zalephera, fulumirani kuchoka, chifukwa mwezi uliwonse umene mukhala ukuwonjezera mapepala okhala ndi dzina lanu.

Musanapereke kalata, werengani kontrakiti yanu pa za notisi ndi ndalama zomalizira. Ambiri amene ali pa kontrakiti ya nthawi yoikika amayenera kulandira gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro awo enieni kontrakitiyo ikatha, choncho kusiya kutatsala miyezi iwiri kungakhale kusokoneza ndalama zanu. Funsani kaye ku ofesi ya Labour mmene zikhalire kwa inu. Onaninso ngati ndalama zanu za NAPSA zakhala zikuperekedwa mwezi ndi mwezi, pemphani setifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo, ndipo pezani munthu wina waudindo, osati bwana amene mwasemphana nayeyo, woti adzakuikireni umboni kumene mukupita. Popereka ntchito kwa wolowa m'malo mwanu, lembani mndandanda wa mafailo, makiyi ndi katundu yense, musainirane nonse awiri, ndipo kope limodzi mupite nalo kunyumba.